Kamphira kotafuna ka mwana womera mano: n'kothandiza, koma si mankhwala

Timphira totafuna timene tikugulitsidwa m'mafamase pa boma la Mangochi timathandizadi mwana wa miyezi 6 kupita m'tsogolo usinini ukamamuyabwa. Sankhani kolimba, kopanda madzi m'kati. Kokhala ndi madzi kaja kamabooka mano akatuluka, ndipo sikawiritsika. Kolimbako kawiritseni mphindi 5, kazizire, mumpatse. Kakagwa pamchenga katsukeni ndi sopo, poti chimatsegula mwana m'mimba ndi litsirolo, osati mano monga ambiri timanenera. Osakamangirira m'khosi, osakapaka uchi.

Chotidandaulitsa n'choti ogulitsa safotokoza izi: kumera mano kumabweretsa dovu ndi kuliralira, osati kutentha thupi kofika madigiri 38. Kuno kunyanja malungo ngochuluka, choncho mwana akatentha thupi kamuyezetseni tsiku lomwelo. Akatsegula m'mimba, mumpatse Thanzi ORS ndi mankhwala a zinki, uku akuyamwabe.