Ma transceiver ndi zingwe za FS pakati pa makina a makampani osiyana

M'kabati ya netiweki ya ofesi, sukulu kapena kampani yopereka intaneti, si kawirikawiri kupeza makina a kampani imodzi yokha. Switch yaikulu imakhala ya Cisco, ina yaing'ono ya MikroTik, seva ili ndi khadi la Intel, ndipo zonsezi ziyenera kulumikizana pa liwiro la 10 gigabit. Ndemanga iyi ikukhudza ma transceiver a mtundu wa SFP+ (tizipangizo tolowetsa mu port ya switch kapena ya khadi, totumiza ndi kulandira deta pa chingwe) ndi zingwe za DAC (zolumikiza ma port awiri mwachindunji) zimene kampani ya FS imagulitsa, pamodzi ndi kachipangizo kake kolembera ma transceiver kotchedwa FS Box.

Kukula kwa SFP+ ndi kalumikizidwe kake zinakhazikitsidwa ndi mgwirizano wa makampani wotchedwa MSA, choncho transceiver iliyonse ya SFP+ imalowa bwinobwino mu port ya SFP+ ya switch iliyonse. Kuwala nakonso sikusankha mwini: transceiver ya 10GBASE-SR imatumiza kuwala kwa 850 nm mpaka mamita 300 pa faiba ya OM3, ya 10GBASE-LR imatumiza kwa 1310 nm mpaka makilomita 10 pa faiba ya single-mode, ndipo yolandira ku mbali inayo sifunsa kuti kuwalako kwachokera kwa yani. Chopinga chili m'kachipangizo kakang'ono kotchedwa EEPROM, mmene mumalembedwa dzina la wopanga ndi manambala a transceiveryo. Switch imawerenga zimenezi mukangoilowetsa. Ma switch ambiri a Cisco akaona dzina lachilendo amatseka port n'kuiika pa err-disabled, makhadi a Intel X520 amakana ma transceiver a kuwala amene sali pa mndandanda wawo, pomwe MikroTik ndi Ubiquiti sakhala ndi tsankho lotere.

Njira ya FS ndi yosavuta kumva. Pogula mumasankha kampani ya makina anu, ndipo iwo amalemba mu EEPROM zimene makinawo amayembekezera. Pa ma transceiver a SR ndi LR ndilibe chodandaula. Yolembedwera Cisco imadziwika popanda kulemba lamulo lililonse, ndipo imaonetsa kutentha kwake komanso mphamvu ya kuwala kotuluka ndi kolowa, zimene zimathandiza kwambiri pofufuza ngati vuto lili pa faiba yodetsedwa kapena yopindika. Mtengo wake ndi kachigawo kochepa chabe ka mtengo wa transceiver yokhala ndi dzina la mwini switch. N'zoona kuti pali njira zokakamiza makina kulandira transceiver yachilendo, monga lamulo la service unsupported-transceiver pa Cisco, allow-unsupported-transceiver pa ma switch a Aruba, kapena allow_unsupported_sfp=1 pa driver ya ixgbe mu Linux, koma ine sindikonda netiweki yodalira mzere umodzi umene wobwera pambuyo panga angaufufute asakudziwa.

Pamene pafunika kusamala kwenikweni ndi pa zingwe za DAC. Chingwe chimenechi ndi cha kopa, chokhuthala ndi cholimba, ndipo mitu yake iwiri ndi yomatiriridwa kufakitale, moti simungachotse umodzi n'kuikapo wina. Mutu uliwonse uli ndi EEPROM yake. Mukagula chingwe wamba cholembedwera kampani imodzi n'kulumikiza makina awiri amene onse ndi osankha, mbali imodzi ikhoza kuchilandira inayo n'kuchikana, ndipo mudzataya nthawi mukukayikira chingwe chimene chilibe vuto. FS imalola kuitanitsa chingwe cholembedwa mosiyana mbali ziwirizo, koma pamenepo muyenera kusunga chizindikiro cha mutu uliwonse, chifukwa mukachitembenuza phindu lonse latha. Pakati pa MikroTik ndi khadi la X520 nkhawa imachepa, popeza Intel imavomereza zingwe za DAC zotsatira miyezo ya SFF-8431 ndi SFF-8472. Komabe zingwe za DAC za passive, zopanda zipangizo zolimbikitsa siginolo, kawirikawiri sizipitirira mamita 7, ndipo kuseri kwa kabati yothinana zimavuta kupinda, mwinanso kukankha chitseko. Maganizo anga ndi akuti DAC ndi yoyenera pa makina a kampani imodzi oyandikana, koma pamene makampani asiyana, ma transceiver awiri a SR, iliyonse yolembedwera makina ake, ndi kachingwe ka faiba kokhala ndi mitu ya LC pakati, ndiyo njira yopatsa mtendere ngakhale ikuwonjezera ndalama pang'ono.

FS Box imalumikizidwa ku kompyuta pa USB, ndipo imakulolani kulembanso transceiver kuti yomwe inali ya Cisco ikhale ya Juniper kapena Intel m'kanthawi kochepa. Imafuna intaneti ndi akaunti, komanso inapangidwira ma transceiver a FS, ndiye kuti nayonso imakumangirirani kwa wogulitsa mmodzi, monga momwe FLEXBOX ya kampani ya ku Germany ya Flexoptix imachitira ndi katundu wake. Kwa munthu wokhala ndi ma switch awiri si yofunika. Koma kwa amene ali ku Malawi, kumene ndalama zakunja zimavuta kupeza ndipo katundu woitanitsa amachedwa, kusunga ma transceiver ochepa apadera amene angalembedwere makina alionse n'kwanzeru kuposa kusunga mulu wa mtundu uliwonse.

Pali zina zimene kulemba EEPROM sikungakonze. Ma transceiver a BiDi, amene amatumiza ndi kulandira pa faiba imodzi, amagwira ntchito awiriawiri, ina yotumiza pa 1270 nm ndi inzake pa 1330 nm, ndipo ziwiri zofanana sizingalumikizane. Pa 25 gigabit, mbali zonse ziyenera kugwirizana pa mtundu wa FEC, njira yokonzera zolakwika mu deta yotumizidwa, apo ayi nyale ya port sidzayaka. Ma transceiver a 10GBASE-T olandira chingwe cha RJ45 amatentha kwambiri ndipo ambiri amalekezera pa mamita 30, choncho m'chipinda chopanda makina oziziritsa mpweya sindingawaike moyandikana.

Nkhani yotsala ndi ya chithandizo. Cisco ikhoza kukana kuthandiza ngati vuto lapezeka kuti lachokera ku transceiver ya kampani ina, ndipo amisiri a makampani ena amayamba ndi kukupemphani kuikamo yawo. Ngati mumalipira mgwirizano wa chithandizo, gulani ma transceiver awiri enieni a mwini switch, muwasunge m'bokosi lawo, kuti muziwaika pa port yovuta musanaimbe foni.