Windy pafoni: mwera ndi kuzizira imaona patali, koma chisanu cha m'dambo muziwerengera nokha

Windy ndi pulogalamu ya pafoni yoonetsa zanyengo pamapu, ndipo imapezekanso pa windy.com. Anaiyambitsa mu 2014 ndi Ivo Lukačovič wa ku Czech Republic. Kuiika pafoni n'kwaulere, ngakhale muli zina zolipira. Kwa mlimi wa kudimba ku Katete, woweta nkhuku ku Kapata, kapena dalaivala wa thiraki yopita ku Durban, ndi chida chabwino ndithu, bola adziwe kumene nambala zake zimachokera.

Mapu amene mumayamba kuona ndi zotsatira za makompyuta akuluakulu a mabungwe a zanyengo. Kuno kwathu atatu ndiwo ofunika: ECMWF ya ku Ulaya, GFS ya ku America ndi ICON ya ku Germany. Makompyutawa amadula dziko m'timabwalo. Ka ECMWF kamatalika makilomita pafupifupi 9 mbali iliyonse, ta enawo n'tokulirapo, ndipo kabwalo konse kamalandira nambala imodzi. Ndiye taganizani za Chipata. Pamwamba pa phiri la Kanjala, nyumba za m'tsinde mwake ndi madimba a m'mbali mwa Lunkhwakwa zingathe kugwera m'kabwalo kamodzi, pomwe aliyense amene anadutsapo m'mamawa wa July amadziwa kuti kumtsinje kumazizira mosiyana ndi kumtunda. Pamenepa ndi pamene pagona ubwino ndi malire a pulogalamuyi.

Musanachite china chilichonse, lowani mu Settings muonetsetse kuti liwiro la mphepo lili pa km/h ndipo kutentha kuli pa °C. Mukasiya pa kt, muyezo wa oyendetsa ndege ndi zombo, mudzanyengeka, chifukwa 20 kt ndi makilomita 37 pa ola. Kenako dinani pamalo panu pamapu, musankhe Compare. Mudzaona zolosera zonse zitandandalikidwa pamodzi. Zikagwirizana, khulupirirani. Zikasiyana kwambiri, ndiye kuti nyengoyo sinakhazikike, muonenso mawa lake.

Pa nkhani ya chisanu m'pamene alimi ambiri amapwetekera. Chisanu chopsereza mbewu sichigwa chaka chilichonse kuno kum'mawa kwa Zambia, koma m'madambo a kumtunda, m'miyezi ya June ndi July, usiku umodzi ndi wokwanira kudetsa masamba a tomato dimba lonse. Foni ikalemba 7°C pa 05:00, munthu amagona mtima uli m'malo poti madzi amaundana pa 0. Koma 7 ameneyo ndi wa mpweya wa mamita 2 kuchokera pansi. Usiku wopanda mitambo nthaka imataya kutentha msanga, ndipo pamasamba pangazizire kuposa pamenepo ndi madigiri 3 mpaka 5. Kuwonjezera apo, mpweya wozizira ndi wolemera, umatsetsereka ngati madzi n'kukaunjikana kumalo otsika, komwe kuli madimba athu. Dimba la m'dambo lingafike pa 0 foni ikunena 7.

Choncho musayang'ane nambala imodzi. Madzulo onani zinthu zinayi za m'bandakucha wa mawa: Temperature, Clouds, Wind ndi Dew point. Mitambo ili ngati bulangeti, ikakhalapo ngozi imachepa. Mphepo nayo imasakaniza mpweya wozizira wapansi ndi wofunda wam'mwamba, motero usiku wa kamphepo si woopsa ngati usiku wa zii. Dew point ndi kutentha kumene mame amayamba kupangika. Ikakhala 10, mame amabwera msanga n'kuchedwetsa kuzizira. Ikatsikira ku 2 kapena kucheperapo, mpweya ndi wouma ndipo palibe choletsa kuti kuzizire mpaka pansi. Mukaona Temperature ili pa 7 kapena kucheperapo, kumwamba kuli mbee, mphepo yosafika 5 km/h, dew point yotsika chonchi, konzekani. Thirirani masana omwewo, popeza dothi lonyowa limasunga kutentha kuposa louma. Nazale muiphimbe ndi udzu kapena masaka dzuwa lisanalowe, mutaimika timitengo kuti chophimbacho chisagone pamasamba. Pulasitiki yokhudza tsamba siteteza, tsambalo limapsa pomwe yakhudzapo.

Njira yabwino koposa ndi kugula themometa yotsika mtengo n'kuipachika pamsinkhu wa mbewu m'dimba mwanu. Kwa masiku 10 lembani zomwe yawerenga cha m'ma 05:30, pambali pake zomwe Windy inalosera. Mudzapeza kusiyana kwa dimba lanulo pa usiku wopanda mitambo, kaya ndi madigiri 3 kaya 6, ndipo kuyambira apo muzingochotsera. Palibe pulogalamu imene ingakuchitireni zimenezi.

Oweta nkhuku iwo angadalire Windy mosavuta, chifukwa chomwe akufuna n'kudziwa kuti sabata ikubwerayi kuzizira kapena ayi, ndipo izi imaona masiku atatu kapena anayi zisanafike. Anapiye a sabata yoyamba amafuna 32 mpaka 35°C, ndiye mumadziwiratu kuchuluka kwa malasha ogula. Koma chonde mbaula musaiike m'khola lotsekeratu, ndiponso musagone nayo m'chipinda. Mpweya wa malasha umene umapha sununkha ndipo suoneka.

Mphepo ili pawiri, ndipo Windy imachita bwino pa imodzi yokha. Mwera wa m'chilimwe chozizira, wochokera kum'mwera chakum'mawa, umabwera pamene mpweya wolemera wadutsa kunsi kwa South Africa n'kukankhira mphepo yozizira kumtunda kudzera ku Mozambique. Ndi chinthu chachikulu, chokuta maiko angapo, choncho makompyuta amachiona bwino. Pamapu mumachita kuona mizere ikukwera tsiku ndi tsiku. Amene akufuna kupopera mankhwala, kutentha tchire kapena kukhoma malata angasankhe tsiku labata mosaphonya kwenikweni. Muzitsegula Wind gusts, osati Wind yokha, pakuti chomwe chimagwetsa zinthu ndi kuwomba kwadzidzidzi. Mphamvu ya mphepo sikwera mofanana ndi liwiro lake: ya 80 km/h imakankha denga kanayi kuposa ya 40.

Mphepo yosasula madenga a sukulu ndi matchalitchi kuyambira October mpaka December ndi ina. Imatsika mumtambo umodzi wa mabingu, imawononga dera la makilomita ochepa, pakapita mphindi zingapo yatha. Ndi yaing'ono kuposa kabwalo ka kompyuta kaja. Windy ikhoza kulemba 35 km/h pa Chadiza tsiku lomwe malata akuuluka m'mudzi wina wa komweko. Chomwe ingakuuzeni n'chakuti lero mlengalenga mwakwiya. Tsegulani CAPE index, muyezo wa mphamvu ya mlengalenga yoyambitsa mabingu: ikapitirira 1000 mabingu angathe kuchitika, ikafika 2500 akachitika amakhala aukali. Tsiku lotero, kuyambira masana, muzitsegula Satellite, yomwe ndi chithunzi chenicheni osati cholosera, muone mitambo yoyera kwambiri kumene ikukulira ndi komwe ikulowera. Chontho cha mvula pa 15:00 m'pulogalamuyi chisakupangitseni kuganiza kuti igwa pakhomo panu nthawi imeneyo. Tanthauzo lake ndi mvula ya apa ndi apo m'dera lonselo.

Mvula youndana kuno kulibe, koma abale athu ali ku Canada ndi kumpoto kwa America amakumana nayo, ndipo Windy ili ndi gawo loonetsa mtundu wa chogwa kumwamba. Imachitika pamene m'mwamba muli mpweya wofunda wosungunula chipale, koma pansi penipeni pali mpweya wosafika 0°C. Madonthowo amagwa ali madzi n'kuundana akangokhudza msewu, mtengo kapena waya wa magetsi. Mu January 1998 mvula yotere inagwetsa nsanja za magetsi kuzungulira Montreal, anthu mamiliyoni n'kukhala mumdima. Kuilosera n'kovuta chifukwa kuphonya ndi digiri imodzi kumasintha zonse, kukhala mvula wamba kapena chipale. Kumeneko munthu atsatire machenjezo a boma la dzikolo. Aonenso mphepo, chifukwa -10°C ndi mphepo ya 30 km/h thupi limamva ngati -20.

Madalaivala athu nkhaniyi ikuwakhudza pafupi. Mu September 2024 chipale chinatseka msewu wa N3 cha ku Van Reenen's Pass, pakati pa Johannesburg ndi Durban, magalimoto n'kugona pamsewu. Wopita kumeneko kuyambira May mpaka September adine pa Harrismith, tauni ya pafupi ndi Van Reenen's Pass, asananyamuke ku Johannesburg. Akaona kutentha kukuyandikira 0 pamodzi ndi mvula kapena chipale, ndi bwino kudikira, ndipo m'galimoto musasowe bulangeti, madzi ndi chakudya.

Zodandaulitsa zilipo. Mapu oyendayenda aja amadya bandulo, ndipo kumene netiweki ili yofooka amachedwa kutseguka. Sungani malo anu pa Favorites kuti muzipita pa tebulo la nambala mwachindunji. Chichewa mulibe, mawu ngati dew point ndi gusts muyenera kuwaphunzira. Yaulere imaonetsa nyengo podumpha maola atatu, ya ola lililonse ndi yolipira, koma pa ntchito za kudimba yaulereyo ikukwana. Zolosera za masiku opitirira 5 muzizitenga ngati mphekesera.

Windy silowa m'malo mwa Zambia Meteorological Department, nthambi ya boma yoona zanyengo. Iwo ali ndi zipangizo zoyezera pansi pano, monga za ku Msekera, ndipo ndiwo ali ndi udindo wopereka machenjezo. Chenjezo lawo likamveka pa wailesi koma foni ikuonetsa bata, tsatirani chenjezolo, mukokere ziweto pabwino ndi kuchotsa ana pansi pa mitengo.