Toyota Hilux kapena Ford Ranger, yabwino pa banja ndi iti?

Apa tikukamba za double cab, galimoto ya pikapu ya zitseko zinayi, yoti m'mawa ikasiye ana kusukulu, Loweruka ikatenge matumba a chimanga kumudzi. Zambiri zimachokera ku Joni, Hilux amaipanga ku Durban, Ranger ku Pretoria.

Kukhala mofewa: apa Ranger ndiye yapambana, makamaka yatsopano ija inatuluka mu 2022. Mkati phokoso ndi lochepa, pampando wakumbuyo agogo sadandaula msana. Hilux ikakhala yopanda katundu imanjanja pa mabampu, ana kumbuyoko amachita kugwirira, ikasenza ndi pomwe imakhazikika bwino.

Masipeya: a Hilux amapezeka paliponse, ngakhale makaniko wa pansi pa mtengo amaidziwa. Ranger ili ndi zamagetsi zambiri, ikavuta pamafunika kompyuta, ndiye mpaka mutauni basi.

Mafuta: zambiri ndi za dizilo, sizisiyana kwenikweni.

Mtengo: Hilux sigwa mtengo msanga, pogulitsa mumasangalala koma pogula yakale imawawa m'thumba ndithu.

Ngati maulendo anu ambiri ndi a pa tala, monga Lilongwe ndi Blantyre, tengani Ranger. Ngati kwanu ndi kwa msewu wafumbi, dzinja matope okhaokha komanso galaja ili kutali, Hilux ndiye yanu.