Ulendo wa ku Chembe kuchokera ku Harare: mudzi ndi wokoma, koma amakuthamangitsani

Kampani ya maulendo imene tinapita nayo ndikuipatsa nyenyezi zinayi mwa zisanu, ndipo yachinayiyo yaipeza chifukwa cha mnyamata wa m'mudzimo amene anatitenga pa boti.

Tinalembetsa ku kakampani kena ka maulendo kuno ku Harare, gulu la anthu a mpingo wathu ochokera ku Mufakose, Mbare ndi Dzivarasekwa. Ambirife tinabadwira konkuno. Makolo ndiwo anachoka ku Nyasaland kudzagwira ntchito m'mafamu ndi m'migodi, ndiye nyanja ya Malawi tinkangoimvera kwa agogo. Ndalama imene tinalipira inali ya basi, malo ogona, chakudya ndi boti.

Basi inali yaukhondo, dalaivala wake wodekha. Tinadzera ku Nyamapanda, Tete, n'kukalowera ku Mwanza, ndipo za mapasipoti anaziyendetsa bwino, palibe amene anatsalira pachipata. Mpweya wozizira wa m'basimo ndiwo unafa titangolowa mu Mozambique. Amene mukuidziwa Tete mukudziwa mmene tinapsera.

Chembe ili ku Cape Maclear, mozunguliridwa ndi Lake Malawi National Park, paki imene inakhazikitsidwa mu 1980 n'kulembedwa ndi bungwe la UNESCO pa mndandanda wa malo ofunika a dziko lonse lapansi mu 1984 makamaka chifukwa cha tinsomba ta mbuna. Apa pali dandaulo langa loyamba. Kulowa m'pakimo n'kolipira, ndipo wa pasipoti ya Zimbabwe salipira ngati Mmalawi, ngakhale atamalankhula Chichewa chotani. A kampani sanatiuze kuti ndalama imeneyi siili m'kati mwa zimene tinapereka, moti amayi ena anachita kumasula ya usipa wa kunyumba.

A kampani amatsatsa kuti mudziwu ndi wa bata, koma musayembekezere kuti kuli zii. Ndi mudzi wa asodzi, ndipo ndi waukulu. Kukamacha amayi amakhala atadzaza kale pagombe, kutsuka mapoto ndi mchenga, ana akudumphira m'madzi, asodzi akutsitsa usipa n'kumauyanika pa thandala. Ena m'gulu lathu anadandaula ndi fungo la nsomba. Ine ndinangoti, mwabwera kunyanja, mumafuna kununkhire chiyani? Usiku magalimoto samveka, mumangoona nyali za asodzi a chilimira zitandandalika pamadzi. Kwa munthu wozolowera phokoso la makombi a pa Mbare Musika, bata ndi limenelo.

Chimene chinandipweteka mtima ndi mmene anatithamangitsira pa manda a amishonale. Pa ndondomeko yawo malowa anangowaika ngati poima kujambula zithunzi. Chikhalirecho m'pamene Livingstonia Mission inayambira mu 1875, pamene E.D. Young ndi Dr Robert Laws anafika ndi sitima ya Ilala, ija anthu anaisenza zidutswazidutswa polambalala mathithi a mtsinje wa Shire. Malungo sanawapatse mpata. Dr William Black anamwalira mu 1877, ena anatsatira, ndipo mu 1881 mishoni inasamukira ku Bandawe. Chaka chomwecho m'pamene Albert Namalambe anabatizidwa, munthu woyamba kutembenuka mtima pamalopo. Zonsezi anatifotokozera ndi mnyamata wa boti uja, ataima pambali pa mandawo chipewa chili m'manja, pomwe wotiperekeza wa kampani anali pa foni. Amayi a mvano atayambitsa nyimbo, wotiperekeza uja n'kumaloza wotchi kuti chakudya chikuzizira. Abambo ena achikulire anamuyankha mofatsa kuti, “Mwana wanga, nsima tikaipeza. Tasiyani timalize.”

Mwala wa Mphini nawonso tikanangoudutsa tikanapanda kukakamira. Ndi chimwala chachikulu chokhala ndi mizere yozama yodutsana ngati kuti wina anachitema dala, ndipo boma limachisunga ngati chipilala cha dziko. Akatswiri a miyala amati mizereyo inabwera yokha ndi nyengo, anthu a m'deralo ali ndi nkhani zawonso, ndipo zonse ziwiri n'zofunika nthawi yozimvetsera.

Pa boti ndiye palibe chodandaula. Majekete oyandamitsa analipo okwanira aliyense. Pa chilumba cha Thumbi madzi ndi oyera moti mbuna za buluu ndi zachikasu zimaoneka musanalowe n'komwe, ndipo mukaviika dzanja lili ndi kachidutswa ka buledi zimadzakutsinani zala. Pobwerera mnyamatayo anaimba likhweru, n'kuponya nsomba m'mwamba, nkhwazi inachoka mumtengo n'kudzaitola pamadzi ife tikuona. Anatichenjezanso za likodzo, kuti amene wasambira akaonane ndi achipatala akabwerera kwawo. Izi a kampani sanazitchule.

Zipinda zinali ndi masikito osang'ambika, madzi otentha amachita kukumbutsa. Chambo chootcha ndi kampango wa supu zinali bwino kwambiri, ngakhale nsima ya kumeneko ndi yoyera ndi yofewa kuposa sadza tinazolowera kuno, abambo ena amadzuka pa tebulo akuti sanakhute.

Ndingapite nawonso, koma ndalama ndisanapereke adzandilembere zonse zimene ndikalipire ndekha, ndipo m'mawa umodzi wathunthu ukhale wa ku manda ndi ku Mwala wa Mphini. Ngati muli ndi okalamba m'gulu, pewani June ndi July, mwera ukavuta boti silinyamuka.