Pickup yapakati ija: phokoso la magetsi linachepa, likhweru linandizunza

Mnyamata wina woimba lidi kutchalitchi ku Chinamwali wandifunsa ngati angagule pickup yapakati (pickup ndi kachipangizo ka maginito ndi waya kamene kamatola kulira kwa nsambo za gitala yamagetsi) ngati imene ndinaika m'gitala yanga chaka chatha. Yake yafa, akuti swichi ikafika pakati kumangoti zii. Yankho la pa WhatsApp linkangotalika, ndiye ndati ndilembe pano, ena a vuto lomweli aone nawo.

Gitala yanga ndi yakale, ya kapangidwe ka Stratocaster koma si Fender yeniyeni: ma pickup atatu a single coil (a mkulungo umodzi wa waya, koyilo) ndi swichi ya malo asanu yosankhira pickup yoti ilire. Yapakati inaduka waya wamkati. Mmisiri wokonza mawayilesi kumsika wa Zomba ataiyeza ndi mita sinawerenge kanthu, pamene zinzake ziwiri zinkasonyeza ma ohm pafupifupi 6,000 iliyonse. Yatsopanoyo ndinaigula kwa bambo wina wa ku Limbe amene amapikula zida zoimbira ku Johannesburg. Anati ndi ya maginito a alnico V, ndiponso ndi RWRP.

Pa RWRP sananame, ndipo apa ndimawayamikira. Waya wa pickup yotereyi amaukulunga mobwerera, maginito ake n'kuwatembenuza, poyerekeza ndi zinzake ziwiri zija. Ukaika swichi pa malo achiwiri kapena achinayi, pomwe yapakati imalira limodzi ndi yakumunsi kapena yakukhosi, kung'ung'uza kwa magetsi kumafafanizana koma mawu a nsambo amatsala. Magetsi athu ndi a 50 hertz, ndipo aliyense amene anaimapo ndi single coil pansi pa machubu a magetsi a m'tchalitchi, kapena pafupi ndi jenereta paukwati, akulidziwa phokosolo. Kwa ine pa malo awiriwa linatsika mpaka woyendetsa mikisa anasiya kundiyang'ana ndi diso loipa. Pa malo achitatu, pomwe imalira yokha, phokoso lilipobe, ndipo lidzakhalapo. Single coil ikakhala yokha ndi mmene ilili.

Wogula asangodalira zilembo zapabokosi, chifukwa makampani sagwirizana kuti mbali ya maginito yoyang'ana kunsambo ikhale iti. Tenga kampasi, ngakhale ya ana asukulu, uyiyandikize pa pickup yakukhosi kenako pa imene ukufuna kugulayo. Singano ikatembenuka, maginito ndi osiyana, ndiye zili bwino. Ukaimanga n'kumva mawu opyapyala, a m'mphuno, pa malo achiwiri ndi achinayi, usathamangire kunena kuti yafa: sinthanitsa mawaya ake awiri aja basi.

Mawu ake ndi oyera, okoma pa lidi ya rumba ndi sungura, ndipo sipambana zinzake mphamvu. Mabowo a zomangira anagwirizana ndi pulasitiki yakutsogolo popanda kuboola. Ndinaitsitsa pang'ono kuposa mamilimita 2.4 amene ambiri amasiya pakati pa pickup ndi nsambo yaikulu, chifukwa piki yanga imagunda pomwepo. Dzimbiri linayamba kuoneka pa timaginito mvula itangoyamba, koma ku Zomba kuno pansi pa phiri chinyezi sichisiya chitsulo chilichonse, ndiye sindiiimba mlandu.

Mlandu uli pa likhweru.

Kunyumba, pa amp yaing'ono (chokuzira mawu a gitala), sindinamve kalikonse. Linayamba paukwati wina ku Matawale, muholo ya malata yopanda siling'i, masipika atakwezedwa poti pelekanipelekani wafika pachimake. Ndinaika swichi pakati kuti ndilowe solo, gitala n'kungoti tswiiii, mawu obaya m'makutu moti amayi amene ankaponya ndalama kutsogolo anagwira m'makutu. Ndinagwira nsambo zonse ndi chikhatho, likhweru osasiya. Apa m'pamene pamasiyana zinthu: kulira kobwerera kuchokera ku sipika kudzera m'nsambo kumatha ukazigwira, koma uku kunkachokera mkati mwa pickup momwe. Nditasunthira swichi kukhosi kunati zii. Ndinamaliza ukwati wonse ndi pickup imodzi, ndipo wa kiyibodi ndiye anatenga ma solo anga.

Mawa lake mmisiri uja anaiyesa pamaso panga. Anakweza amp, n'kugogoda pickup yakukhosi ndi chikhadabo: kamawu kakang'ono. Atagogoda yapakati, sipika inati go! go! ngati munthu ali pakhomo. Kenako anaweramira pa gitala n'kunena kuti "halo, halo," ndipo mawu ake anatuluka m'sipika. Anaseka n'kuti, "Achimwene, mwagula maikolofoni." Kufotokoza kwake kunali kwakuti waya wa mkati, wochepa kuposa tsitsi ndipo wokulungidwa maulendo masauzande, ukakhala wolobodoka umanjenjemera ndi phokoso la m'chipinda, ndipo kunjenjemerako kumasanduka magetsi obwerera ku amp. Opanga abwino amaviika pickup m'phula losungunuka kuti waya ugwirane. Yangayi mwina anangoinyika pamwamba, mwina sanaiviike n'komwe.

Tinaiviika tokha. Anasakaniza phula la makandulo magawo anayi ndi la njuchi gawo limodzi m'chitini, chitinicho n'kuchiika m'poto wa madzi otentha, osati pamoto penipeni, chifukwa phula limayaka komanso pulasitiki ya pickup imapindika. Kutentha koyenera ndi pafupifupi madigiri 65. Atachotsa chivundikiro anaimangirira pa kawaya n'kuimiza, timathovu tikutuluka m'mbali mwa koyilo, poyamba tambiri, kenako kamodzikamodzi, mpaka titasiya. Inazizira, anaipukuta, tinaibwezera.

Kwa miyezi ingapo ndinkaiyamikira kwa aliyense wondifunsa. Kutchalitchi sinalirenso. Ndiye tsiku lina tikuimba panja ku Sadzi, sipika yoyang'ana kwa ife ili pafupi ndi miyendo yanga, likhweru lija linabweranso, lofookerapo koma lomwelo. Ndinakwiya mpaka kuganiza zoizula n'kusiya bowo. Ulendo uno vuto linapezeka pa timasipuling'i togwira pickup ndi chivundikiro chimene chinkagwedera. Mmisiri anachotsa timasipuling'ito n'kuikapo tizidutswa ta kalabala ka valavu ya njinga, pansi pake n'kutsamiza kasiponji. Kuyambira pamenepo sinandichititsenso manyazi, ngakhale ndikayandikira sipika dzanja limathamangira lokha pa voliyumu.

Za wogulitsa ndiye zinandiwawa kuposa likhweru. Nditamutumizira vidiyo ya mmisiri akulankhula m'gitala, anayankha kuti, "Bwana, pickup siilira yokha, yang'anani amp yanu." Ndinakwera minibasi mpaka ku Limbe nayo gitala. Mushopu muja amp yoyesera ndi kakang'ono, ndipo sanalole kuti tikweze chifukwa cha oyandikana nawo. Atagogoda yekha n'kumva go! go!, nkhani inasintha: katundu amene wawotchereredwa kale sabwezedwa. Nanga munthu ungadziwe bwanji kuti pickup ikulira likhweru usanaimange m'gitala? Pamapeto pake anandipatsa paketi ya nsambo, akuti yopepesera. Nsambozo zinali zabwino, chilungamo chinenedwe.

Ndikakhala kuti ndaimba bwino, ndimati pickup iyi ndi yabwino ndithu, mawu ake pa malo achinayi sindingawasinthe. Ndikakhala pansi n'kuwerengetsa, mtima umatembenuka. Mtengo wake, kuphatikiza minibasi ya ku Limbe kupita ndi kubwera, malipiro a mmisiri, phula, ndi ukwati wina umene eni ake anaitana gulu lina atamva za ku Matawale, zonsezi zikufika pafupi ndi mtengo wa pickup ya kampani yodziwika imene ndinaikana poti njodula. Ndipo chiyambireni kugwa kwa kwacha ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, chilichonse chochokera kunja chimangokwera, ndiye kugula kawiri si nkhani yaing'ono.

Wokhala ndi mmisiri wodziwa kuviika phula, woimba kutchalitchi kumene sakweza kwambiri, angathe kugula. Woimba m'maukwati ndi m'mabala ayambe wafufuza pickup yakale yochotsedwa m'gitala yowonongeka. Zambiri zimakhala zamoyo, ndipo mita, kampasi ndi chikhadabo zidzamuuza zoona asanalipire. Kwa bambo a ku Limbe aja ndingabwererenso pokhapokha atalola kuilumikiza ku amp yaikulu ndi timawaya topanira, n'kuigogoda ndalama ili m'thumba mwanga. Sabata yatha ndaona pa status yawo akuitsatsabe, mtengo atakweza, pansi pake atalemba kuti "yopanda phokoso."