Kudikira Yesu powerenga zizindikiro, kapena kudikira khasu lili m'manja?

Mu Januwale 2024, bwalo la Heroes Stadium ku Lusaka litasanduka chipatala cha odwala kolera, foni yanga sinkapuma ndi mauthenga a pa WhatsApp akuti mapeto afika. Kenako mvula inadula, chimanga chinauma m'minda, madzi anaphwa ku Kariba, magetsi n'kumazima usana ndi usiku. Ukakwera minibasi ku Matero, usanafike ku City Market unali utamva kale za njala ndi miliri ya pa Luka 21. Ine ndimakhulupirira ndi mtima wonse kuti Ambuye adzabweranso. Chomwe abale amandifunsa n'chakuti tidikire bwanji, pakuti mu Lusaka muno muli njira ziwiri zolimbirana anthu, ndipo zonse ndinaziyendapo.

Yoyamba ndi ya alaliki a zizindikiro. Mumawapeza m'makalasi a sukulu obwereka Lamlungu masana, m'matenti, ndi pa Facebook. Amatsegula Danieli ndi Chivumbulutso, n'kuika pambali pake nkhani za pa wailesi: nkhondo iyi ndi kavalo wofiira, chilala ichi ndi chisindikizo chakutichakuti. Ndisawanamizire, ali ndi moto. Ndinaona amuna akusiya mowa, amayi osalankhulana zaka akugwirana chanza, achinyamata akuchezera usiku wonse m'pemphero. Munthu wokumbukira kuti Woweruza ali pakhomo saba ndalama za mpingo mopepuka.

Vuto limayamba wina akatulutsa kalendala. Yesu ananena pa Mateyu 24:36 kuti tsiku ndi ola palibe akulidziwa, angelo omwe, ndipo pa Machitidwe 1:7 anakaniza ophunzira ake kufufuza nyengozo. Komabe anthu sasiya. Otsatira a William Miller ku America anadikira pa 22 Okutobala 1844, dzuwa n'kutuluka mawa lake monga mwa masiku onse. Kwa anansi athu ku Malawi, Elliot Kamwana anabatiza anthu pafupifupi 10,000 cha ku Nkhata Bay mu 1908 ndi 1909 akulalikira za 1914. Harold Camping analengeza 21 Meyi 2011, ena n'kutaya chuma chawo pofalitsa uthengawo. Kwina zinathera m'manda: ku Kanungu, Uganda, mu Malichi 2000 anthu mazanamazana anapsera m'tchalitchi, ndipo ku Shakahola, Kenya, kuyambira 2023 anafukula mitembo yoposa 400 ya anthu omwe anauzidwa kuti asale kudya mpaka akakumane ndi Yesu. Sindikuti mlaliki aliyense wa zizindikiro ndi wotero, ayi. Koma akayamba kunena kuti Mulungu wamuululira yekha, ndipo mufunika kudula ubale ndi osakhulupirira mawu ake, nyamulani Baibulo lanu muzipita.

Msuweni wanga wina anali ndi tebulo la tomato ndi anyezi ku msika wa Soweto. Atauzidwa kuti nthawi yatha, anapereka mpamba wonse ngati chopereka chomwe amachitcha mbewu, mwana n'kumuchotsa giredi 9. Chaka chinatha. Chinandiwawa kuposa njala ya m'nyumbamo ndi chakuti kwa miyezi yambiri sankafuna kumva dzina la Yesu, ngati kuti Yesuyo ndiye anamunamiza.

Njira yachiwiri siimveka patali. Ndi ya mphakati kwa Akatolika, Chigwirizano cha amayi ku Reformed Church in Zambia, a Dorika kwa a Seventh-day Adventist, ndi timagulu ta m'nyumba ta mipingo ina yambiri. Mumakumana anthu khumi kapena makumi awiri kwa mmodzi wa inu ku Chawama kapena ku Mtendere, muwerenga ndime, mupemphera, kenako mufunsana: ndani wagonekedwa ku chipatala cha UTH, ndani akaphike pa maliro, mwana wamasiye uja yunifomu ali nayo? Ena amalowetsamo chilimba, kusonkherana ndalama mosinthana, kuti wina akweze bizinesi.

Anthu a zizindikiro amati uku n'kuzizira. Ine ndikawerenga Mateyu 25 ndimaona zosiyana. Atangomaliza kunena za mapeto, Yesu anafotokoza za akapolo opatsidwa matalente, ndipo wokwirira ndalama yake pansi ndiye anadzudzulidwa. Pa chiweruzo cha nkhosa ndi mbuzi, mafunso ndi a chakudya, madzi, chovala, wodwala ndi wandende. Palibe amene akufunsidwa ngati anadziwa chilombo cha mitu isanu ndi iwiri. Ku Tesalonika ena anasiya ntchito, ndipo Paulo anawalembera pa 2 Atesalonika 3:10 kuti wosafuna kugwira ntchito asadyenso. Yakobo 5:7 akutiyerekeza ndi mlimi wodikira mvula yoyamba ndi yotsiriza. Ife ochokera ku Chipata, Katete ndi Petauke tikudziwa kuti wodikira mvula amakhala atagalauza kale munda, mbewu ili pafupi.

Nayonso njirayi ili ndi tulo take, ndipo ndinagonapo. Mutha kukhala chaka chathunthu m'gulu osamva liwu limodzi la kubweranso kwa Ambuye. Msonkhano umathera pa zopereka, nsalu ya yunifomu ndi chisankho cha wapampando. Timanena m'Chikhulupiriro cha Atumwi kuti adzabwera kudzaweruza amoyo ndi akufa, milomo ikuyenda mtima uli ku lendi. Anamwali khumi a m'fanizo la pa Mateyu 25 onse anaodzera; asanu anapulumukira mafuta omwe anasunga. Gulu logwira ntchito zachifundo koma losapemphera limafanana ndi bungwe lililonse la m'komboni.

Mukaziika pamodzi, yang'anani zinthu zitatu. Ndalama zanu: uku kwa a zizindikiro zimakwera kupita kwa munthu mmodzi, kuno m'timagulu zimazungulira pakati panu ndipo msungichuma amawerenga poyera. Ana anu: uku amakula ndi mantha, ena osaona chifukwa cholembera mayeso, kuno amakhala ndi azakhali ambiri owafunsa za sukulu. Chachitatu ndi tsiku la maliro. Ndaima pa manda a Chingwere kangapo, ndipo omwe anagona pasiwa usiku wonse akuimba, n'kutiwerengera 1 Atesalonika 4 kuti tisalire ngati opanda chiyembekezo, anali amayi a m'gulu lathu.

Choncho ine ndinasankha yachiwiri, koma ndinatengako khala la moto kwa oyamba aja. Tinagwirizana kuti Lachinayi loyamba la mwezi tiziwerenga ndime ya kubweranso kwa Ambuye tisanakhudze nkhani ya ndalama. Msuweni wanga anabwera mwezi wachitatu, anakhala kumbuyo osayankhula. Chilimba chitafika pa ine ndinamupatsira, ndipo tsopano ali ndi kabokosi kamodzi ka tomato pafupi ndi pomwe panali tebulo lake. Mwana uja wabwereza giredi 9.