Ndemanga pa maloya a ku Lilongwe amene anatithandiza kutenga mwana mwalamulo

Amayi angapo a kumpingo kwathu ku Rosettenville akhala akundifunsa ngati maloya amene tinawalemba ntchito ku Lilongwe ndi oti munthu wokhala kuno ku Johannesburg angawadalire, ndiye ndaona kuti ndibwino ndiyankhe kamodzi molemba. Dzina la ofesiyo sindilitchula popeza pali china chimene ndidandaule, koma ndi ofesi yaing'ono ya maloya awiri ndi mlembi mmodzi. Pa nyenyezi zisanu ndikuwapatsa zinayi. Yachisanuyo anaitaya pa nkhani imodzi yokha, koma nkhani imodziyo inandilekanitsa ndi mwana kwa miyezi inayi.

Mng'ono wanga anamwalira ku Dedza mu March 2023, n'kusiya mwana wamkazi wa chaka chimodzi ndi theka. Pa mwambo wathu panalibe choti n'kukambirana nthawi yaitali, chifukwa mwana wa mng'ono wanga ndi mwana wanga, ndipo achimwene anga, amene ndiwo mwinimbumba, analengeza pa tsiku lometa kuti mwanayo akaleredwa ndi mayi ake aakulu ku Joni. Vuto ndi lakuti mawu a mwinimbumba amathera m'malire a mudzi, sangamuolotse mwana pa Beitbridge kapena kumutulutsa pa OR Tambo. Alangizi sanasowe. Ena anati ndilembetse mwanayo ngati ndinabereka ndine, ena anati ndimukweze basi ndi mayi wina wa geni amene amadziwana ndi anthu pachipata. Nditafunsa loya wamkulu wa ofesiyi za njira zimenezi pa kukambirana kwathu koyamba pa WhatsApp, mu June chaka chomwecho, anandiyankha mosapita m'mbali kuti iye sangagwire nawo ntchito yoteroyo, ndipo kuti bodza lolembedwa pa chiphaso cha kubadwa limadzaphulika mwana atakula, pa nthawi imene wolilembetsayo mwina kulibenso. Pamenepo ndi pamene ine ndi amuna anga tinagwirizana kuti titenge ofesi imeneyi.

Kafotokozedwe kawo ka malamulo a ku Malawi kanali kabwino kwambiri, ndipo analankhula nafe m'Chichewa chomveka osatiopseza ndi Chingerezi cha kukhoti. Anatiuza kuti nkhani zotere zimayendera lamulo la Adoption of Children Act, lomwe ndi la mu 1949, nthawi ya atsamunda, ndipo kuti wofuna kutenga mwana ayenera kukhala wa zaka zosachepera 25 komanso woposa mwanayo ndi zaka 21, ngakhale kuti khoti limatha kufewetsako kwa achibale. Anatiuzanso kuti khoti limasankha munthu woimira mwanayo payekha, amene amamutcha guardian ad litem, kawirikawiri wochokera ku ofesi ya zachisamaliro cha anthu, ndipo kuti munthu ameneyu si wathu kapena wa loya wathu, ntchito yake ndi kutifufuza ifeyo.

Chimene chinandidzidzimutsa ndi nkhani ya kumene munthu amakhala. Lamulolo limafuna kuti wopempha akhale wokhala m'Malawi, choncho ine, wobadwira ku Dedza, wokhala ndi chiphaso cha unzika cha Malawi ndiponso manda a makolo kumudzi, ndinapezeka kuti pamaso pa khoti ndiyenera kufotokoza ngati ndine wa pakhomo kapena mlendo. Loyayo anatikumbutsa mlandu wa Madonna umene tonse tinaumva pa wailesi. Mu April 2009 Khoti Lalikulu linakana kuti woimbayo atenge Mercy James pa chifukwa chakuti sankakhala m'dzikomo, koma mu June chaka chomwecho khoti la Supreme linasintha chigamulocho, n'kutanthauzira mawu akuti kukhala m'dziko motambasuka komanso kuika patsogolo ubwino wa mwana. Anatichenjeza kuti tisaone chigamulo chimenechi ngati khomo losatseka, popeza jaji aliyense amafunabe umboni wakuti opemphawo ali ndi mizu m'dzikomo. Anatiuza kuti tisonkhanitse makalata a nyumba imene tinamanga ku Area 25, malisiti a Mukuru a ndalama zimene ndinkatumizira mayi anga mwezi ndi mwezi, ndi masamba a pasipoti osonyeza maulendo athu onse obwerera kumudzi. Malisiti amene ndinkawaona ngati zinyalala za mufoni anakhala umboni wolemera.

Mndandanda wa zikalata zofunika kuchokera kuno anatitumizira pa tsamba limodzi, ndipo sunasinthe mpaka pamapeto: mtchatho wathu, mapepala a malipiro, masitetimenti a kubanki, makalata a dokotala, makalata a kupolisi osonyeza kuti tilibe mlandu, amene munthu amadinda zala kupolisi ya kwanuko n'kudikira kuti achokere ku Pretoria, ndi lipoti la wa zachisamaliro cha anthu amene anadzaona pakhomo pathu. Pa lipoti limeneli ndibwererapo.

Pamene ofesiyi inaonetsa kuti ndi ya anthu odziwa ntchito ndi pa chilolezo cha bambo ake a mwanayo. Alamu angawo anachoka pamudzi maliro atangotha, monga zimakhalira ndi mkamwini mkazi akamwalira, ndipo anakapezeka akugwira ntchito pa esiteti ina ya fodya ku Kasungu. Achibale ena anati tingonena kukhoti kuti sakudziwika kumene ali, koma loyayo anakana, n'kupita yekha ku Kasungu pamodzi ndi achimwene anga. Atafika anawerengera alamuwo chikalata chonse m'Chichewa, ndime ndi ndime, ndipo sanabise kuti chigamulo chikadzaperekedwa udindo wonse wa ubambo udzachoka m'manja mwawo n'kupita kwa amuna anga. Achimwene anandiuza kuti alamuwo anakhala chete nthawi yaitali, kenako anafunsa kuti, "Ndiye kuti akadzakula sadzadziwa kuti ndilipo?" Loyayo sanawakakamize. Anawasiyira chikalatacho kwa sabata ziwiri kuti akafunse akwawo, ndipo anatiletsa ife mwamphamvu kuwatumizira ngakhale ndalama ya sopo pa nthawi imeneyo, chifukwa lamulo sililola kuti chilolezo chotere chigulidwe ndipo jaji akhoza kuiona mphatso iliyonse molakwika. Kunena zoona zinandipweteka, popeza kwathu munthu sapita kwa mlamu wake chimanjamanja, koma ndinamvera. Patatha sabata ziwirizo ndinawaimbira foni ndekha. Ndinati, "Alamu, mwanayu sindikukulandani, ndikufuna aphunzire ndi abale ake." Iwo anati, "Ndamva alamu, koma dzina limene anamupatsa malemu lisachoke." Loyayo anaonetsetsa kuti dzinalo lakhalabe m'zikalata zonse.

Za ndalama ndilibe dandaulo lalikulu. Anatipatsa mtengo wolembedwa, wogawidwa patatu, ndipo lisiti linkabwera pa malipiro aliwonse. Kwacha itagwa ndi 44 peresenti mu November 2023 anatilembera kalata yokweza gawo lotsala, zomwe kwa ife olandira malipiro m'marandi sizinatilemere. Chimene sanatchule pachiyambi ndi ndalama za mafuta a galimoto ndi zodindira zikalata, zimene zinkabwera pang'onopang'ono mpaka zinakwana ndalama yooneka. Mlembi wawo ndi waulemu koma wochedwa kuyankha mauthenga, moti ndinaphunzira kuti chinthu chikafunika msanga ndi bwino kuimba foni m'mawa loyayo asanapite kukhoti.

Tinanyamuka tonse anayi mu December 2023 sukulu zitatsekera, ulendo wa pandege wa maola awiri ndi theka kuchokera pa OR Tambo kukatera pa bwalo la Kamuzu. Anyamata athu awiri anabadwira kuno ndipo Chizulu chimawatuluka msanga kuposa Chichewa, choncho kwa iwo unalidi ulendo wa kudziko lachilendo. Loyayo ndiye analimbikira kuti tipite nawo, ponena kuti woimira mwana adzafuna kuona banja lonse lili pamodzi osati mayi yekha, ndipo zinaterodi. Mayi amene khoti linawasankha anabwera kawiri, koyamba kumudzi kwa mayi anga ndipo kachiwiri kunyumba ya ku Area 25 mosatichenjeza, n'kupeza wamkulu wa anyamatawo akudyetsa mlongo wake phala lotentha molakwika, akuuzira supuni ngati akuzimitsa moto. Anawafunsa mafunso paokha ife tili panja. Amuna anga ndi anyamatawo anabwerera mu January chifukwa cha sukulu ndi ntchito, ine ndinatsala pa tchuthi chosalipidwa.

Mlandu wathu unamvedwa mu February 2024, m'chipinda cha jaji osati m'bwalo la anthu onse, ndipo amuna anga anabweranso kwa masiku atatu. Dzulo lake loyayo anakhala nafe maola awiri akutifunsa mafunso amene ankayembekezera, ndipo pafupifupi onse anafunsidwadi: ngati tikudziwa kuti mwanayo adzakhala ndi gawo pa chuma chathu chamasiye mofanana ndi anyamatawo, ngati adzapitiriza kuonana ndi agogo ake, ndiponso amene adzamusamale masana ine ndili kuntchito. Mwiniwake wa mlanduwo anagona kumbuyo kwanga pa chitenje nthawi yonseyo. Chigamulo chinatikomera. Pasipoti yake inachedwa chifukwa nthawi imeneyo ntchito yosindikiza mapasipoti inali itaima m'dziko lonse mpaka mu March, ndipo pa chimenecho sindingawaimbe mlandu maloya.

Mlandu umene ndikuwaimba ndi uwu. Pa kukambirana kwathu koyamba kuja ndinafunsa momveka bwino ngati pali chimene tiyenera kuyamba kuchita kuno ku South Africa, ndipo yankho linali lakuti tikakhala ndi chigamulo cha khoti za kunoko zidzakhala zosavuta. Sizinali zoona. South Africa inalowa m'pangano la ku Hague la mu 1993 lokhudza kutenga ana pakati pa mayiko mu 2003, pamene Malawi sali m'panganolo, ndipo lamulo la kuno la Children's Act la mu 2005 limati munthu wokhala m'dziko muno amene akufuna kutenga mwana kudziko lina adzere ku ofesi yoyang'anira nkhani zimenezi, yomwe ili mu Department of Social Development ku Pretoria. Ofesi imeneyi ndi imenenso imavomereza kuti chigamulo cha kunja chigwire ntchito kuno. Ife tinali tisanagogode pakhomo limenelo ngakhale kamodzi. Komanso lipoti la pakhomo lija linalembedwa ndi munthu amene ndi wa zachisamaliro cha anthu ndithu, koma wopanda chilolezo chapadera cha nkhani zotenga ana, ndiye linayenera kulembedwanso ndi wina. Pasipoti ya Malawi imamulola munthu kulowa muno masiku 30 popanda viza, koma kumeneko ndi kucheza, si kukhala, ndipo sitinafune kuti mwana amene tinamuvutikira mwalamulo chonchi ayambe moyo wake kuno ndi masiku opitirira.

Tchuthi changa chinatha mu April, ndipo ndinayenera kumubweza mwanayo kwa mayi anga ku Dedza pa nthawi imene anali atangozolowera kugona atagwira chala changa. Sindikufuna kulemba zambiri za tsiku limenelo. Kuno tinalemba loya wachiwiri wodziwa malamulo a ana ndi a zolowa m'dziko, zomwe zinali ndalama zina zimene sitinaziike pa bajeti, ndipo iye ndi amene anatiyendetsa pa zonse mpaka viza ya mwanayo inatuluka. Loya wa ku Lilongwe uja nditamuuza zimenezi sanadzikanire. Anavomera kuti malamulo a kuno sawadziwa ndipo anayenera kunena choncho poyamba, anapepesa, ndipo zikalata zonse zimene loya wa kuno ankafuna anazikonza mwachangu osatilipiritsa. Kupepesako ndinakulandira, koma munthu amene ntchito yake ndi kulangiza akafunsidwa chimene sachidziwa ayenera kunena kuti mukafunse kwina. Amene muli kuno ndipo mukufuna kuwalemba ntchito maloya amenewa, alembeni pa za kukhoti la ku Malawi, koma muyambe mwapeza wokuthandizani wa kuno ndi kulembera ku Pretoria musanagule tikiti ya ndege.

Mwanayo anafika mu August 2024, ine nditapitanso kukamutenga. Tsiku lomaliza ku ofesi kuja mlembi anandipatsa fayilo yokhala ndi makope asanu ndi limodzi odindidwa a chigamulo, ponena kuti kunjako adzandifunsa kambirimbiri ndipo ndisamadzapereke chenichenicho. Limodzi linapita ku medical aid ya amuna anga, lina kukireshi ya ku Turffontein kumene anayamba mu September, ndipo anayi otsalawo ali m'sutikesi pamwamba pa wadiropu.